Laputopu ya m'firiji: purosesa ikatentha, timvere ndani?

M'mwezi wa Julayi 2018, mkulu wina wa ku Toronto m'dziko la Canada, dzina lake Dave Lee, anatenga laputopu yatsopanotsopano ya Apple, yodula koopsa, n'kuilowetsa m'firiji, mbali ija timaumitsirako nyama ndi nsomba. Mutu wake unali bwinobwino. Lee ndi mmodzi mwa anthu amene ntchito yawo ndi kuyesa makompyuta n'kumauza anthu pa YouTube ngati chinthu chikugwirizana ndi mtengo wake, ndipo tsikulo anali ndi funso limene linamusowetsa mtendere.

Laputopuyo inali MacBook Pro ya mainchesi 15, ndipo m'kati mwake munali purosesa ya Intel yotchedwa Core i9. Purosesa ndiyo ubongo wa kompyuta, ndipo iyi inali ndi ma core 6, kutanthauza timapurosesa 6 togwirira ntchito limodzi m'kati mwake. Papepala analemba kuti liwiro lake la tsiku ndi tsiku ndi 2.9 GHz, ndipo ikalusa imatha kufika 4.8 GHz. Koma Lee ataipatsa ntchito yomalizitsa vidiyo mu Adobe Premiere Pro, inatha mphindi 39 ndi masekondi 37. Laputopu ya chaka cham'mbuyo, ya ma core 4 okha, inamaliza ntchito yomweyo m'mphindi 35. Yatsopano kugonja kwa yakale! Ndiye m'firiji muja, ntchito ija inatheka m'mphindi 27. Purosesa yomweyo, pulogalamu yomweyo, vidiyo yomweyo. Chimene chinasintha ndi mpweya woizungulira basi.

Zimene Lee anaonetsa anthu tsikulo amisiri amazitcha throttling, kutanthauza kuti purosesa ikubweza moto yokha chifukwa yatentha. Kuti timvetse chifukwa chake nkhani yooneka ngati ya amisiri okhaokha imadzetsa mikangano yotukwanizana pa intaneti, tiyambe ndi kachitsulo kameneka.

M'kati mwa purosesa muli timaswitchi mabiliyoni ambiri totchedwa ma transistor, timene timayaka ndi kuzima mosalekeza. Akati 1 GHz, ndiye kuti wotchi ya purosesayo ikugunda ka biliyoni imodzi pa sekondi. Kuyaka ndi kuzima kulikonse kumadya timagetsi, ndipo magetsi olowa mu purosesa alibe kwina kopita, amasanduka kutentha. Amene anagwirapo babu lakale lija la mawati 100 litayaka kwa kanthawi akudziwa mmene limaotchera chala. Purosesa ya pa desiki ngati Core i9-13900K ya 2022 imaloledwa kudya mawati 253, ndipo kutentha konseko kumachokera pa kachidutswa ka silicon kaukulu ngati sitampa ya pa kalata. Pamwamba pake amapakapo kaphala kotchedwa thermal paste, n'kukhomerapo chitsulo cha kopa kapena aluminiyamu chokhala ndi timapiko tambirimbiri, ndipo fani imapemerera timapikoto kuti kutentha kutuluke. Mu kompyuta ya pa desiki chitsulocho chimatha kukula ngati njerwa. Mu laputopu yopyapyala ngati buku la kusukulu, malo oterowo mulibe.

Vuto lina ndi lakuti liwiro ndi kutentha sizikwera mofanana. Kuti purosesa ithamange kwambiri imafuna voteji yokwera, ndipo voteji ikakwera pang'ono, magetsi odyedwa amakwera kwambiri, chifukwa pa masamu ake voteji imadzichulukitsa yokha. N'chifukwa chake ka liwiro komalizira kaja, kamene makampani amakonda kulemba ndi zilembo zazikulu pa bokosi, ndi kamene kamadula kwambiri pa kutentha.

Kale purosesa zina zinalibe nzeru yodziteteza. M'chaka cha 2001, tsamba la Tom's Hardware linajambula vidiyo imene amisiri akale amaikumbukirabe. Anayatsa masewero a Quake III pa makompyuta angapo, n'kuchotsa chitsulo choziziritsa masewerowo ali m'kati. Pentium III ya Intel inangouma gwa, koma sinafe. Pentium 4 inabweza moto, zithunzi zinayamba kuyenda ngati nkhono, ndipo atabwezerapo chitsulo inayambiranso kuthamanga. Athlon ya AMD, kampani yopikisana ndi Intel, inafuka utsi m'masekondi ochepa, n'kupseratu. Lero purosesa iliyonse ili ndi timasensa toyeza kutentha m'kati mwake, ndipo ili ndi malire. Purosesa zambiri za Intel malire ake ndi madigiri 100. Ikafika pamenepo imatsitsa voteji ndi liwiro, ikazizira pang'ono imakweranso, ndipo zikafika poipa imathimitsa kompyuta yonse. Choncho throttling payokha si matenda. Ndi buleki. Funso ndi lakuti bulekiyo ikugwira liti, ikugwira kangati, ndipo wogulitsa anakuuzani za iyo kapena ayi.

Apa ndi pamene nkhani imavuta, chifukwa mabuleki ake si amodzi. Purosesa imatha kubweza moto isanatenthe n'komwe, kungoti yafika malire a magetsi amene wopanga laputopu anaiikira. Intel ili ndi malire awiri. Pali PL2, magetsi ambiri amene purosesa imaloledwa kudya kwa kanthawi kochepa, ndipo pali PL1, magetsi ocheperapo amene iyenera kukhazikikapo ntchito ikatalika. Mwachitsanzo Core i9-10900K inkaloledwa mawati 250 kwa masekondi pafupifupi 56, kenako n'kutsikira pa mawati 125. M'malaputopu ambiri kanthawi kameneka kamakhala theka la mphindi kapena kucheperapo. Anachita zimenezi mwadala, ndipo n'zanzeru: ntchito zambiri za pa kompyuta, monga kutsegula tsamba la intaneti kapena fayilo, zimatha m'kuphethira kwa diso, chitsulo chisanatenthe.

Wakabaza wopanda katundu, pamalo a see, akhoza kupalasa mamita 200 n'kusiya anzake onse m'mbuyo. Mumumangirire matumba awiri a chimanga, mumuuze akwere chitunda cha makilomita 5 dzuwa lili paliwombo, ndiye mudziwa mphamvu zake zenizeni. Nambala ya pa bokosi ndi ya mamita 200 aja. Wojambula maukwati amene akufuna kumalizitsa vidiyo ya maola awiri, kapena wophunzira wa uinjiniya amene pulogalamu yake imawerengera usiku wonse, ali pa chitunda.

Tsono pulogalamu zoyesera makompyuta, zimene amati ma benchmark, zambiri zinali za mamita 200. Cinebench, yopangidwa ndi kampani ya ku Germany ya Maxon, imapatsa purosesa chithunzi chovuta kuti ichijambule n'kuipatsa malikisi. Purosesa yamphamvu inkamaliza chithunzicho pasanathe mphindi imodzi, isanatuluke n'komwe mu PL2. Laputopu yopyapyala ndi laputopu yonenepa zokhala ndi purosesa imodzimodzi zinkapeza malikisi ofanana, pamene pa ntchito yeniyeni zinali kutalitali. Oyesa osamala anayamba kuibwereza kakhumi, kamakumi awiri motsatizana, n'kumaona malikisi akutsika. Mu 2020 a Maxon anatulutsa Cinebench R23, imene imayendetsa mayesowo kwa mphindi 10 pokhapokha munthu atasintha yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tibwerere kwa Lee. Vidiyo yake inafala ngati moto wolusa, ndipo anthu anagawikana pawiri. Ena anati Apple yapanga laputopu yopyapyala mopitirira muyeso, fani zake sizingathe Core i9. Ena anati Lee akufuna kutchuka, wasankha dala pulogalamu imene siyenda bwino pa Mac. Patangotha sabata imodzi, pa 24 Julayi, Apple inapepesa. Inati yapeza kuti mu firmware, pulogalamu ya pansi penipeni imene imalamulira zitsulo, munasowa kiyi ina yake, ndipo zimenezi zinasokoneza kayendetsedwe ka kutentha. Inatulutsa chigamba cha macOS, kapulogalamu kokonza vutolo, ndipo anthu atayesanso, kuphatikizapo Lee mwiniwakeyo, anapeza kuti laputopu ija yayamba kuthamanga bwino ndithu popanda firiji.

Ndiye analondola ndani? Ine ndimati onse analondola mbali, ndipo izi n'zimene zimandisangalatsa pa nkhaniyi. Amene ankati vuto ndi thupi la laputopu lokha analakwa, chifukwa chigamba cha pulogalamu sichikanatha kunenepetsa chitsulo. Koma ngakhale chigambacho chitalowa, malaputopu onenepa a makampani ena okhala ndi purosesa yomweyo ankaithamangitsabe kwambiri pa ntchito zazitali. Lee anaona chizindikiro cha matenda molondola, ngakhale gwero lenileni silinali lonse pamene anthu ankaloza. Chimene chinapatsa vidiyo yake mphamvu ndi chakuti ananena pulogalamu imene anagwiritsa ntchito, ntchito imene anaipatsa ndi nthawi imene inatenga, moti wina aliyense, ngakhale Apple, akanatha kubwereza n'kuona yekha. Kampani yaikulu chotere, yokhala ndi mainjiniya masauzande, inagulitsa laputopuyo kwa masiku oposa 10 ili ndi vutoli, mpaka munthu wa firiji atalankhula.

Chaka cha 2018 chinali cha zokolola zambiri pa nkhani zoterezi. Mu Juni, pa chionetsero cha Computex ku Taipei, Intel inaonetsa purosesa ya ma core 28 ikuthamanga pa 5 GHz, anthu n'kuombera m'manja. Atolankhani atakasuzumira makinawo pambuyo pake, anapeza mapaipi opita ku chimakina choziziritsa madzi, chonga firiji pachokha, chimene munthu wamba sangaike m'nyumba chifukwa cha kompyuta. Intel inati woyankhula uja anangoiwala kutchula kuti purosesayo anaikankha kupitirira liwiro lake. Kuiwala kwake kosankha bwino mawu oiwala.

Mu Okutobala chaka chomwecho kunachitika ina imene inakhudza oyesa eni ake. Kampani ikamatulutsa purosesa yatsopano, imatumiziratu oyesa masiku angapo, koma amasainirana kuti asaulutse zotsatira mpaka tsiku ndi ola lakutilakuti. Mwambo umenewu uli ndi ubwino wake: umapatsa aliyense nthawi yoyesa modekha m'malo mothamangira kukhala woyamba. Koma pa Core i9-9900K, Intel inalipira kampani yotchedwa Principled Technologies ya ku North Carolina kuti iyese purosesayo poyerekeza ndi Ryzen 7 2700X ya AMD, n'kutulutsa zotsatirazo pamene oyesa odziimira paokha anali atamangidwa pakamwa mpaka pa 19 Okutobala. Masitolo anali atayamba kale kulandira ndalama za ofuna kugula. Zotsatirazo zinkati pa masewero ena ya Intel inkaposa ndi theka lathunthu.

Steve Walton wa Hardware Unboxed, gulu loyesa makompyuta pa YouTube la ku Australia, anawerenga lipotilo n'kuona kuti manambala a AMD ndi otsika kuposa amene iye ankapeza pa benchi yake. Zinadziwika kuti a Principled Technologies anayatsa Game Mode pa Ryzen ija, imene pa purosesa imeneyo imathimitsa ma core 4 mwa 8. Zinadziwikanso kuti purosesa ya Intel anaiveka choziziritsa chachikulu cha Noctua, pamene ya AMD anaisiya ndi chimene chimabwera m'bokosi. Steve Burke wa Gamers Nexus, gulu lina la oyesa pa YouTube, amene amakhala m'boma lomwelo la North Carolina, ananyamula kamera n'kukagogoda ku ofesi yawo, ndipo mmodzi wa eni kampaniyo, Bill Catchings, anavomera kuyankha mafunso pamaso pa kamera. Tisawamane ulemu wawo: anabwereza mayesowo, ndipo mpata uja unachepa kwambiri. Purosesa ya Intel inali yothamangadi pa masewero, sinkafunikanso kuikondera.

Ku mafoni chinyengo chake chinali chochenjera kuposa apa. Foni wamba ilibe fani, thupi lake ndilo choziziritsa, ndipo singatenthe kuposa mmene dzanja lingapirire. Mu 2013 tsamba la AnandTech linapeza kuti Galaxy S4 ya Samsung ikazindikira dzina la pulogalamu yoyesera, inkamasula mbali yojambula zithunzi kuti ithamange kuposa mmene inkachitira pa masewero enieni. Atafufuza mafoni ena anapeza kuti makampani ambiri a Android ankachita zofananazo. Mu Malichi 2022 nkhaniyi inabweranso itavala malaya ena. Anthu a ku South Korea anapeza kuti pulogalamu yotchedwa Game Optimizing Service inkachepetsa mphamvu za Galaxy S22 pa masewero kuti foni isatenthe, koma pulogalamu zoyesera sinkazikhudza. Wina anangosintha dzina la pulogalamu yoyesera n'kuipatsa dzina la masewero, malikisi anagwa pompo. A Geekbench, eni ake a pulogalamu ina yoyesera, anachotsa mafoni angapo a Galaxy S pa mndandanda wawo, ndipo Samsung inapepesa n'kupereka njira yoti mwini foni azisankha yekha. Onani kuti apa kuchepetsa mphamvu sikunali tchimo. Foni yozizira ndi batire lokhalitsa ndi zinthu zabwino. Tchimo linali kuonetsa woyesa nkhope ina, wogula nkhope ina.

Mpaka pano nkhaniyi ikumveka ngati ya makampani oipa ndi oyesa oyera mtima. Sizili choncho.

Woyesa amadya chiyani? Purosesa ndi graphics card (khadi yojambula zithunzi mu kompyuta) zapamwamba ndi zodula, ndipo zimatuluka chaka ndi chaka. Ambiri amazilandira kwaulere kuchokera kwa kampani imene akuiyesayo. Kuposa ulerewo, chofunika ndi nthawi: vidiyo yotuluka pa ola limene chinthu chalengezedwa imaonedwa ndi anthu ochuluka, yotuluka patatha milungu iwiri imapeza phwando litatha. Pamwamba apo pali malonda amene amaulutsa m'kati mwa vidiyo, nthawi zambiri a makampani a zipangizo zomwezo, ndi maulalo a masitolo amene amawapatsa kangachepe munthu akagula. Woyesa akati "musagule", wadzichepetsera yekha ndiwo. Paja mbuzi imadya pamene aimangirira.

Chingwe chake chinaonekera poyera mu Disembala 2020. Nvidia, kampani yopanga ma graphics card, inalembera Hardware Unboxed kalata yowauza kuti sidzawatumiziranso makadi ake oyesa, chifukwa ankaika mtima pa kajambulidwe ka zithunzi kachizolowezi m'malo mwa ray tracing, luso lojambula kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni limene Nvidia inkalitsatsa kwambiri. Kalatayo inati zinthu zikhoza kusintha ngati iwo atasintha kaunikidwe kawo. A Hardware Unboxed anaulula, oyesa anzawo anakwiya nawo limodzi, ndipo m'masiku ochepa Nvidia inapepesa n'kubweza mawu. Anapambana chifukwa anali ndi anthu ambiri owatsatira. Woyesa wamng'ono akalandira kalata yotere, kapena akangoona kuti maimelo ake sakuyankhidwanso, alibe kokadandaula. Ndipo nthawi zambiri kalata siifunika n'komwe. Munthu amadziwa yekha mawu amene angatseke chitseko, n'kuwafewetsa asanawalankhule.

Kulakwa kwina sikuchokera ku ndalama za kampani koma ku changu. Mu Ogasiti 2023, Gamers Nexus inatulutsa vidiyo yaitali yosonyeza zolakwika m'manambala ndi m'matchati a Linus Tech Tips, gulu la ku Canada limene ndi lalikulu kwambiri pa nkhani za makompyuta pa YouTube. Chimene chinawawa anthu kwambiri chinali chokhudza kutentha komweku. Kakampani kakang'ono ka ku Britain, Billet Labs, kanawatumizira choziziritsa cha madzi chimene kanali kakuchipangabe, chopangidwira khadi ya RTX 3090 Ti. Iwo anachiyesa pa RTX 4090, khadi ya kapangidwe kena, chinalephera kuziziritsa bwino, n'kuuza anthu kuti n'chosathandiza. Atauzidwa, Linus Sebastian, amene anayambitsa gululo, anati kubwereza mayeso kukanangowononga ndalama popanda kusintha maganizo ake. Kenako chipangizocho, m'malo mobwezedwa kwa eni ake, chinagulitsidwa pa okushoni ya zachifundo. Gululo linapepesa, linaimitsa kutulutsa mavidiyo kwa masiku angapo, n'kulonjeza kukonza kayesedwe kake. Panalibe amene anawagula. Ankangotulutsa mavidiyo ochuluka kuposa amene akanatha kuwaunika bwino.

Komanso tisaiwale kuti ukali nawo umagulitsa. Chithunzi cha purosesa ili m'malawi a moto, munthu atatong'ola maso pambali, chimakoka anthu kuposa tchati chosonyeza kuti zonse zili bwino. AMD itatulutsa Ryzen 7000 mu Seputembala 2022, anthu anaona madigiri 95 n'kuyamba kulira maliro. Koma purosesazo anazipanga dala kuti zizikwera liwiro mpaka zitafika madigiri 95 n'kukhazikika pomwepo. Mukaiveka choziziritsa chachikulu, nthawi zambiri nambalayo siitsika kwenikweni pa ntchito yolemera, chimakwera ndi liwiro. Apa nambala ya kutentha payokha sikuuzani kanthu. Muyenera kuona liwiro limene yakhazikikapo ndi ntchito imene yamaliza. Chimodzimodzi MacBook Air ya masiku ano, imene ilibe fani n'komwe: imabweza moto ikapatsidwa ntchito yolemera kwa mphindi zambiri, ndipo woiyesa akhoza kufuula kuti "throttling!" osanama, koma mlembi amene amangolemba makalata ndi kuwerengera ndalama mu Excel sadzaiona buleki imeneyo mpaka laputopuyo itakalamba. Ndimakayikira woyesa amene amayamikira chilichonse. Ndimakayikiranso amene mlungu uliwonse amapeza chinyengo chatsopano.

Pali malire ena amene ngakhale woyesa woona mtima sangawadumphe. Amayesa chipangizo chimodzi, kawirikawiri chotumizidwa ndi kampani, pamene purosesa ziwiri za dzina limodzi zimasiyana pang'ono pa voteji imene zimafuna. Amayesera pa benchi yosatseka, ndi choziziritsa cha madzi cha mafani atatu, pa motherboard yodula, bolodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Kwa zaka zambiri opanga ma motherboard ankachotseratu malire a magetsi aja kuti bolodi yawo ipambane pa matchati, ena mpaka kulemba mawati 4,096, nambala yongotanthauza kuti malire kulibe. Ndiye manambala amene anthu ankaona pa tsiku loyamba anali a purosesa yomasulidwa, pamene wogula kompyuta yomangidwa kale ya mu ofesi ankapeza purosesa ya dzina lomwelo ili pa chingwe chachifupi. Ndipo woyesa amakhala ndi mlungu umodzi kapena iwiri. Purosesa za Intel za m'badwo wa 13 ndi 14 zinayamikiridwa pa liwiro, ngakhale ambiri anadandaula ndi magetsi ake. Palibe amene akanaona m'masiku 10 kuti zina mwa izo zizidzafooka pang'onopang'ono mpaka masewero kumangodzitsekera okha. Intel inavomera mu Julayi 2024 kuti purosesazo zinkapempha voteji yokwera mopitirira, inatulutsa zigamba, n'kuwonjezera zaka 2 pa waranti. Umboni woyamba unachokera kwa opanga masewero ndi oyendetsa maseva amene anali ndi makina ambiri, kenako oyesa anautola n'kuukuza mpaka kampani inayankha.

Pamene zonsezi zinkachitika, pa 30 Ogasiti 2024, AnandTech inatseka itatha zaka 27. Anand Lal Shimpi anaiyambitsa mu 1997 ali mnyamata wa zaka 14, ndipo inatchuka ndi nkhani zazitali zofotokoza mmene purosesa yapangidwira m'kati, zimene munthu ankawerenga ndi kapu ya tiyi pambali. Owerenga anasamukira ku mavidiyo, ndalama za malonda zinawatsatira. Oyesa abwino alipobe pa YouTube, ena ali ndi zipangizo zoyezera zimene AnandTech sinakhale nazo, koma vidiyo siifufuzika ngati nkhani yolembedwa, ndipo kulakwitsa kukalowa m'vidiyo kumakonzedwa ndi kandemanga ka pansi kamene ambiri sakawerenga.

Ine ndikatsegula kuunika kwa laputopu, sindithamangira malikisi. Ndimayang'ana kaye ngati munthuyo wanena kumene chipangizocho chachokera, kaya anagula yekha, anabwerekedwa kapena anapatsidwa. Kenako ndimafuna tchati chokhala ndi nthawi m'munsi mwake, chosonyeza liwiro pa mphindi yoyamba, yachisanu, ya 20. Mzere ukayamba pamwamba n'kutsika pang'ono n'kugona mowongoka, imeneyo ndi purosesa imene yatuluka mu PL2 mwadongosolo. Ukamakwera ndi kugwa ngati mano a sowo, pali vuto, ndipo n'zimene zinkachitika pa MacBook ija chigamba chisanabwere. Ndimafuna anene ngati laputopu inali pa chaja kapena pa batire, chifukwa malaputopu ambiri amadzichepetsa mphamvu chaja ikachoka. Ndimafuna anene phokoso la fani, popeza laputopu iliyonse ikhoza kuzizira ngati mwalolera kukhala pafupi ndi chigayo. Ndipo ndimakonda woyesa amene ndinamuonapo akunena kuti "apa ndinalakwitsa", n'kubwereza mayeso. Oyesa awiri kapena atatu osadyera mbale imodzi akapeza zofanana, mtima umakhala m'malo.

Chinthu chimodzi chimene ndimachifufuza, ndipo ambiri sachilemba, ndi kutentha kwa chipinda choyeseramo. Oyesa osamala amasunga chipinda chawo pa madigiri 21 kapena 22. Choziziritsa chilichonse cha fani chimangotaya kutentha mu mpweya umene chaupeza, ndiye mpweyawo ukakwera ndi madigiri 10, purosesa nayo imakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pa ntchito yomweyo. Laputopu imene inakhazikika pa madigiri 88 ku Toronto ili pakhomo penipeni pa malire ikafika m'chipinda cha malata ku Lilongwe mu Okutobala. Apple imalemba yokha kuti ma MacBook ake azigwiritsidwa ntchito pamalo a madigiri 10 mpaka 35. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, nyengo yotentha imapitirira 40. Firiji ya Dave Lee ija, kwathu kuno imagwira ntchito chobwerera m'mbuyo.

Komanso malaputopu ambiri amene timagula kuno ndi akaunjika, atagwira kale ntchito zaka zinayi kapena zisanu m'maofesi a kunja, ndipo palibe woyesa wa pa YouTube amene anaunikapo laputopu ya msinkhu umenewo itapuma fumbi la chilimwe chathu. Yanga ina inayamba kuchita ulesi masana okhaokha. M'mawa inkathamanga, ikafika 2 koloko ngakhale kusuntha mbewa kunkachedwa, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka. Ndinkaganiza kuti ndi vairasi. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni, pa kabenchi kodzaza ndi timasikuluwu m'zivindikiro za mabotolo. Anaitembenuza, anamasula chivindikiro cha pansi, anachotsa fani, n'kundikodola.

"Bwana, tabwerani muone bulangeti lanu."

Pakati pa fani ndi timapiko ta kopa panali chinthu chotuwa, chokhuthala ngati chigamba cha chipewa, fumbi ndi ubweya wa zofunda zitalukana. Anachikoka ndi kapanira, chinatuluka chathunthu. Atanyamula chitsulo cha pa purosesa, kaphala kaja kanali katauma ngati nkhoko za mumphika, kakusweka tizidutswa. Anapukuta ndi sipiriti, anadontheza kaphala katsopano kochepa ngati njere ya mpunga, anamanga. Kenako anatsegula HWiNFO, pulogalamu yaulere imene imaonetsa kutentha kwa core iliyonse ndiponso mzere wonena ngati throttling yachitika, anayatsa Cinebench, n'kukankhira laputopuyo kumbali.

"Tiidikire mphindi 10, bwana. Poyamba zonse zimathamanga."

Anatenga foni ya kasitomala wina n'kuyamba kuimasula.